Za mitengo iwiri ya ku Limbe, ya lisiti ndi yopanda lisiti

Achemwali a pa Chitakale, mwafunsa ngati mupitirize kuoda katundu wa golosale yanu kwa opikulitsa a ku Limbe amene amatsitsa mtengo mukavomera kuti asakupatseni lisiti, ndiponso za ngongole ya ku banki. Ine ndingolankhula za lisitizo. Musatengeke nazo, chonde.

Tawerengani bwino. VAT, msonkho umene umaikidwa pa mtengo wa katundu, inakhala pa 16.5 peresenti kwa zaka zambiri isanakwere. Ndiye tikawerengera pa 16.5 peresentiyo, pa katundu amene mwalipira K500,000, ndalama pafupifupi K70,000 ndi msonkho umene wopikulitsayo akutolera m'malo mwa MRA, bungwe lotolera misonkho. Kuyambira 2014, pamene kunabwera makina odinda malisiti otchedwa EFD, chilichonse chimene chadindidwa lisiti ya msonkho chimaoneka ku MRA, choncho njira yake yozembera ndi kusadinda lisiti basi. Nanga inu amakuchotserani zingati? Zimene ndakhala ndikuona ine ndi K20,000 kapena K25,000, mukanenerera kwambiri mwina K30,000. Zotsalazo zalowa m'thumba mwake, koma katundu wopanda pepala wakwera minibasi ndi inuyo.

Mlamu wanga ali ndi shopu ku Luchenza. Anakaoda zigubu za mafuta ophikira kwa wopikulitsa wina pa mtengo wopanda lisitiwo. Atafika n'kuyamba kutsegula, anapeza zigubu zina zomatira zake zinali zodulidwa kale, mafuta sakufika ngakhale pakhosi pa chigubu, ndipo ena akununkha ngati okazingira chipisi. Atabwerera nazo, mwini shopu anangoti, "Lisiti ili kuti? Mwina munagula kwina." Anyamata omwewo amene anamunyamulira katundu mpaka padepoti anali chete, maso pansi. Mlamu analibe kokadandaula, chifukwa kupolisi kapena kulikonse funso loyamba likanakhala lomwelo. Anataya ndalama yoposa kutali imene anamuchotsera, ndipo mpamba wake unagwedezeka kwa miyezi. Onjezani apo kuti msewu wathuwu umakathera ku Muloza, ndiye katundu wambiri wopanda lisiti akamuima panjira, mudzawatsimikizira bwanji kuti sanachokere ku Milange mozemba?

Amene akuyankha kuti "aliyense amatero, a MRA safika kumudzi" sanagulitsepo kanthu ku esiteti kapena kusukulu yogonera. Malo ngati amenewo amafuna TPIN (nambala ya wokhoma msonkho yochokera ku MRA) ndi invoisi musanatsitse ngakhale thumba limodzi la shuga. Chifukwa chimodzi n'chakuti wolembetsa VAT amachotsera msonkho umene analipira pogula pa umene watolera pogulitsa, ndiye kwa iye lisiti ndi ndalama, sangaisiye. Kuzemba kumachitikira kwa ife a magolosale ang'onoang'ono amene tilibe chochotsera, ndipo opikulitsawo amadziwa zimenezo. N'chifukwa chake mtengo wachiwiriwo amakunong'onezani inuyo, osati wogulira kampani.

TPIN katengeni, kutenga kwake sikutanthauza kuti mwalembetsa VAT. VAT ili ndi malire ake a ndalama zimene bizinesi imagulitsa pachaka, ndipo musathamangire kulembetsa musanafikepo. Mukalowamo mudzafunika kutumiza ripoti mwezi uliwonse pofika pa 25, kaya malonda ayenda kaya ayi, ndipo kuchedwa kuli ndi chindapusa. Mitengo yanunso idzakwera pamene mnzanu woyandikana naye sanakweze.

Zoona, kuchita zinthu mwadongosolo kumapweteka kuno ku Mulanje. Katundu wolowa panjinga kudzera njira zam'tchire amafika pa Limbuli wotchipa, ndipo kasitomala safunsa za msonkho, amangofunsa mtengo. Sopo kapena mafuta amene inu mwalipirira zonse sangapikisane naye. Musalimbane nawo pa katundu ameneyo, mungotopa. Ikani mpamba pa zimene anthu amafuna zenizeni, monga mkaka wa ana, shuga wam'paketi ndi zakumwa, chifukwa pamenepo munthu amaopa chachinyengo ndipo amalolera kuwonjezera pang'ono.

Chinanso, mukadzayamba kuperekera katundu kumabungwe n'kukudulani withholding tax (msonkho umene amachotseratu pa malipiro anu kuti akapereke kuboma), musachoke opanda satifiketi yosonyeza kuti akudulani. Ine bungwe lina linandidula ndalama n'kumangondiuza kuti mubwere sabata yamawa, pepalalo silinatuluke mpaka lero, ndipo ndinalibe umboni woti ndalamayo inafika kuboma.

Malisiti a makina aja amafufutika msanga, makamaka ndi chinyontho chathu chino. Mukangolandira jambulani pafoni, kenako muziwasunga mu envulopu, osati m'kachikwama ka ndalama.