Sienta yanga ikutuwa, ndiyambe kugula chiyani?

FUNSO: Bambo, mwezi watha ndagula Sienta yakale yomwe ndikunyamulira anthu pakati pa Nchalo ndi Ngabu. Ndimaitsuka ndi sopo waufa, madzi a pamjigo ndi malaya akale. Ikauma penti imatuwa, magalasi amachita mawanga oyera osachoka. Ndalama ndi zochepa. Ndiyambe kugula chiyani? Dalaivala wa ku Nchalo.

YANKHO: Achimwene, choyamba sopo waufayo abwerere kochapira zovala. Ndi waukali, amachotsa polishi yoteteza penti, n'chifukwa chake galimoto yanu ikutuwa. Sopo wotsukira mbale naye chimodzimodzi. Gulani botolo limodzi la shampu ya galimoto. Timadzi tochepa m'chidebe timakwanira, ndiye botololo limakhalitsa.

Koma mawanga oyerawo olakwa ndi madzi. Mijigo yambiri kuno ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere, inunso mukudziwa kukoma kwake. Mukathira madziwo pachitsulo chotentha masana a mu Okutobala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, amauma musanatembenuke n'komwe, mchere n'kutsala utakakamira. Ine ndinaphunzirira pagalimoto yanga yoyamba: ndinaitsuka nthawi ya nkhomaliro pabwalo, ndipo galasi lakutsogolo linachita ngati ndawazapo ufa. Usiku ndikukwera Thabwa, magetsi a magalimoto obwera ankangomwazika pagalasipo, msewu osaoneka bwino. Ndinachita mantha kwambiri tsiku limenelo.

Choncho tsukani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, pamthunzi, chitsulo chitazizira. Tsukani mbali imodzi, tsukuluzani, pukutani nthawi yomweyo, kenako ina. Mvula ikagwa tungani madzi a padenga, amenewo sasiya mawanga. Mawanga akale a pagalasi, sakanizani viniga woyera ndi madzi mofanana, nyowetsani kansalu, pakani, dikirani pang'ono n'kutsukuluza. Pa penti viniga musamusiyepo.

Malaya akalewo asiyeni. Fumbi lathu lili ndi mchenga, nyengo yodula nzimbe kumagwanso phulusa, ndipo nsanza ikazinyamula imakanda penti ngati sandipepa. Funani tinsalu tofewa totchedwa microfibre, titatu tikwana: kotsukira, kopukutira, ndi ka magalasi okha. Kakagwa pansi, kachapeni kaye. Zidebe zikhale ziwiri, china cha thovu, china cha madzi otsukuluzira kansalu musanakaviikenso m'thovu, kuti mchenga uzitsalira m'menemo. Ndipo musanakhudze galimoto ndi dzanja, ithireni kaye madzi fumbi litsike lokha.

Matayala akhale ndi burashi yawoyawo. Nthawi ya dzinja muzithira madzi ambiri kunsi ndi m'mamadigadi, poti matope akakhalitsa m'menemo amabala dzimbiri.

Ndalama ikatsalako gulani kachitini ka polishi ya galimoto, muzipaka patapita miyezi itatu, madzi azingotsetsereka. Zopopera zonyezimiritsa dashibodi musathamangire. Kansalu konyowa n'kokwanira, ndipo zikafika pa chiwongolero kapena popondera mabuleki zimaterera, zomwe n'zoopsa mutanyamula anthu. Chimene chimang'amba dashibodi kuno ndi dzuwa. Podikira makasitomala pa siteji, tchingani galasi lakutsogolo, ngakhale ndi katoni.