Kwa achimwene a ku Riyadh amene achotsedwa pa kauntala

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene amagulitsa m'sitolo ku Riyadh, likulu la dziko la Saudi Arabia. Abwana awo awauza kuti pa kauntala pakufunika mwana wa dziko, iwo apite kumbuyo kosungira katundu. Akufunsa kuti, a Saudi amene ankangofuna ntchito za boma, lero chawatembenuza n'chiyani? Kodi ayambe kumanga katundu?

Achimwene, chawatembenuza ndi mafuta. Kwa zaka zambiri boma la Saudi Arabia linkalemba ntchito nzika zake zochuluka ndi ndalama za mafuta: malipiro abwino, kuweruka dzuwa likadali m'mwamba, penshoni, komanso kuchotsedwa ntchito kunali kovuta. Ndani akanasiya zimenezo kukaima m'sitolo mpaka usiku? Makampani anadzaza ndi alendo ochokera ku India, Pakistan, Bangladesh, Egypt ndi Philippines, olandira zochepa. Koma mu 2014 mtengo wa mafuta unayamba kutsika kuchoka pa madola oposa 100 pa mgolo, ndipo kumayambiriro kwa 2016 unafika pansi pa madola 30. Maofesi a boma sakanathanso kumeza achinyamata onse otuluka m'mayunivesite.

Chimene chikukankha abwana anu ndi ndondomeko ya Nitaqat, imene inayamba mu 2011. Kampani iliyonse imapatsidwa mtundu, monga wobiriwira kapena wofiira, malinga ndi chiwerengero cha a Saudi amene yalemba. Ikakhala yobiriwira zinthu zimayenda. Ikagwera kofiira, ma visa atsopano imamanidwa, ngakhale kukonzetsa zilolezo za antchito amene ili nawo kale kumaima. Choncho abwanawo mwina sakudana nanu, akuopa kufiira.

Mu 2016 munabweranso Vision 2030, ndondomeko ya boma la Saudi Arabia yotukula chuma, imene inalonjeza kutsitsa ulova pakati pa a Saudi kuchoka pa 11.6 peresenti kufika pa 7. Chaka chomwecho masitolo ogulitsa ndi kukonza mafoni anasungidwira eni dziko okha. Pofika kumapeto kwa 2024 ulova unatsikadi kufika pa 7 peresenti, ndipo amayi, amene analoledwa kuyendetsa galimoto mu June 2018, alowa ntchito mwaunyinji. Ine sindingawadzudzule a Saudiwo. Ifenso kwathu mtima umatiwawa tikaona mwana wa digiri akuzungulira ku Capital Hill ndi envelopu ya khaki m'khwapa, kudikira ntchito ya boma imene kulibe. Chondipweteka n'choti wolipira mtengo wake ndi munthu ngati inu, amene munasiya ana kumudzi.

Ndiye mumange katundu? Osati lero. Ntchito zimene zikupita msanga ndi za pamaso pa kasitomala ndi za mu ofesi; zonyamula, zomanga ndi za m'nyumba zikadali m'manja mwa alendo. Tengani iqama yanu, chiphaso chija chokulolani kukhala m'dzikomo, muone ntchito imene inalembedwapo, chifukwa oyendera masitolo akakupezani mukugwira ntchito yosungidwira a Saudi, mlandu umakhalapo. Funsani mtundu umene kampani yanu ilimo. Onetsetsani kuti kusamukira kumbuyoko kusadule malipiro amene ali pa kontilakiti, ndipo musasaine pepala la Chiarabu lomwe simunawerengeredwe ndi munthu womukhulupirira.

Ndalama imene mukutumiza kumudzi, gawo lina liyambe kupita pa chinthu chimene mudzachipeze mukadzatsika ndege ku Chileka, kaya ndi puloti kaya chigayo. Mundilemberenso mukamva mtundu wa kampaniyo.