Musayambe ndi galimoto yopopa, kwezani maso padenga

Mayi amene mwafunsa za fungo loipa m'nyumba mwanu, chonde musawayitane kaye anthu opopa septiki aja. Nditangowerenga zoti fungolo limabwera kukazizira basi, ndiponso toileti imalira mukatulutsa madzi m'bafa, mphuno yanga yakumbuka yokha.

Ifeyo tinkachita lendi kanyumba kunja kwa mzinda wa South Bend ku Indiana, kuno ku America, kumene mapaipi a tauni safika. Madzi a pachitsime, septiki (thanki yokwiriridwa pansi yolandira zonyansa za m'toileti ndi m'masinki) kuseri kwa nyumba. Mukukumbuka sabata yomaliza ya Januwale 2019, chisanu chija chinatseketsa masukulu mpaka a positi kusiya kugawa makalata? Kunja kunazizira kupyola -25°C. Ine ndili ndi khanda la miyezi iwiri, apongozi atabwera kuchokera ku Ntcheu kudzandithandiza, bambo a mwana ali kushifiti yausiku. Cha m'ma 2 koloko ndinadzidzimuka ndi fungo la mazira owola. Ndinayamba ndanunkhiza thewera. Ayi. Zinyalala za kukhitchini, ayi. Nditatsegula chitseko cha besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, linandimenya kumaso mpaka misozi. Kutsegula windo ndiye kupha mwana ndi chisanu, kutseka ndiye kumudyetsa mpweya woipawo. Ndinaima pakolido nditabereka mwana, bulangete pamwamba, ndikutsegula windo pang'ono n'kutseka, kutsegula n'kutseka, mpaka zala kuchita dzanzi. Apongozi anatuluka atafunda zitenje ziwiri pamwamba pa jekete, chitenje china atatseka nacho mphuno, n'kungoti, "Koma anakuuzani ndani kuti chimbudzi chizigona m'nyumba limodzi ndi anthu?" Ndinasowa chowayankha. Tinakachezera m'galimoto, injini ikulira panja pa galaja, mpaka kucha.

Ndiye landilodi wathu uja, Mulungu amukhululukire chifukwa ine zikundivutabe. Ndinamuimbira kasanu. Atayankha akuti mwina ndi zakudya zomwe timaphika. Zakudya! Ngati usipa umalira m'toileti. Kenako anatumiza munthu wa galimoto yopopa, amene sanalowe n'komwe m'nyumba. Anakumba chipale chofewa, kutsegula thanki, kupopa, kundipatsa lisiti, ulendo. Landilodi akuti ndilipire ndekha poti ndife tadzaza thankiyo ndi alendo. Ndalama ya mashifiti angapo inapita, madzulo ake fungo lili pompo, toileti ikulirabe kuti gudugudu. Pambuyo pake ndinadzamva kuti kupopa thanki pakati pa chisanu chotere kumatha kuwonjezera mavuto, chifukwa madzi ofunda a m'katimo ndi amene amaiteteza kuti isaundane ndi chisanu. Munthu uja izi ankazidziwa, koma anaona mzimayi wachilendo wotopa, basi.

Anatipulumutsa ndi neba, bambo wachikulire amene anapuma pantchito ya upulambala. Sanagwire chilichonse. Anaima pabwalo n'kuloza padenga: kapaipi kotulukira pamwamba paja kanali katavala chisoti cha ayezi. Paipi imeneyo ndi mphuno ya nyumba. Mpweya wochokera kuthanki umakhala wofunda ndi wachinyezi, ukafika kumapeto kozizirako nthunzi imasanduka ayezi m'mbali mwa paipi, pang'onopang'ono mpaka kutseka. Ikatsekeka, mukafulasha madzi amasowa kokoka mpweya, ndiye amakoka kudzera m'masinki ndi m'bafa, n'kuyamwa timadzi tomwe timakhala m'kapaipi kopindika ka pansi pa sinki. Timadzi timeneto ndiye chitseko chokhacho pakati pa inu ndi thanki. Kulira mukumvako n'kumeneko. Yathu inali yopyapyala kwambiri, pomwe kumadera ambiri ozizira kuno malamulo omangira amafuna kuti potulukira padenga ikhale ya mainchesi 3 kapena kuposa.

Chachiwiri anatipezera kubesimenti. Pansi pali kadzenje kotulutsira madzi, ife sitinkakalabadira n'komwe. Hita ikamayaka usana ndi usiku mpweya wa m'nyumba umauma gwa, timadzi ta m'menemo n'kuphwa. Anathiramo jagi imodzi ya madzi ndi masipuni angapo a mafuta otchedwa mineral oil pamwamba kuti asaphwe msanga. Chitani zimenezi lero lomwe, ndi shawa ya alendo yosagwiritsidwa ntchito, ndi paipi ya makina ochapira. Sizifuna ndalama. Mugwedezenso toileti ndi bondo, ikasuntha ndiye kuti phula lomatira pansi pake latha, fungo limadutsa pamenepo.

Bambo a mwana atabwera anakwera makwerero ndi ketulo ya madzi otentha, neba atagwira pansi, ine ndikupemphera pawindo. Anathira kawiri, tinamva ayezi akugwera m'kati, pofika madzulo nyumba inali bwino. Koma inu musalole abambo akunyumba kukwera, ndanenetsa. Denga la chipale silisewera, ndipo bilu ya chipatala kuno mukuidziwa. Itanani pulambala, osati opopa, mumuuze kuti ayambe ndi paipi ya padenga. Akakanika kupeza, alipo ena amapopera utsi m'mapaipi n'kuona pomwe ukutulukira. Kukafunda muikitse paipi yokulirapo kapena aikute ndi zotetezera kuzizira m'siling'i.

China musanachite zonsezi: nunkhizani bwino. Ngati fungo likubwera mukatsegula madzi otentha okha, si septiki, ndi giza, makamaka ngati madzi anu ndi a pachitsime. Muli kandodo ka magnesium m'katimo kamene kamayambitsa fungo la mazira, amangokasintha. Ndipo ngati mumaphikira kapena kutenthetsera gasi, nayenso amamuthira fungo lofanana ndi lomweli dala kuti akamadontha mudziwe. Mukakayikira tulukani ndi ana, osayatsa getsi, muimbe foni muli panja. Fungo la septiki lenilenilo nalonso si lozolowera: likachuluka mphuno imafa osamvanso kanthu, mutu kupweteka, nseru. Wina aliyense asayerekeze kusuzumira kapena kulowa m'thanki.

Osathira mchere kapena antifreeze ya galimoto (mankhwala oletsa madzi kuundana) m'mapaipi, kaya wakuuzani ndani kuntchito. Osaimika galimoto kapena kupondaponda pamwamba pa thanki ndi pomwe madzi amamwerera, chipale chosapondedwa ndi bulangete lake. Toileti yodontha ikonzeni, timadzi toyenda pang'onopang'ono ndi tomwe timasanduka ayezi m'paipi yopita kuthanki.

Komabe mufunse landilodi kuti thankiyo inapopedwa liti, akuonetseni lisiti, osati pakamwa. Zimafunika pakatha zaka 3 mpaka 5. Ngati madzi akubwerera m'shawa kapena panja pali malo onyowa onunkha, iwalani zonse ndanenazi, itanani opopawo usiku womwe uno. Ndipo chilichonse mumulembere meseji landilodiyo, ine ndinangoimba foni, ndalama yanga sinabwerere mpaka tinasamuka. Tajambulani paipi ya padengayo muli pansi muike pano tione.