Achimwene anu sanapenge, achemwali

Kalata iyi yagona mu imelo yanga kwa kanthawi ndisanaiyankhe. Yachokera kwa mayi wina wa kwathu konkuno amene akukhala ku Johannesburg. Akuti achimwene awo, munthu wa madigiri awiri, wowerengera ndalama pakampani yaikulu, abatizidwa mu mpingo wa a Mormon. Akufunsa kuti munthu wa mutu wokoka chonchi angakhulupirire bwanji zoti mngelo anaonetsa mnyamata wa ku America mapale agolide okwiriridwa paphiri. Kalatayo yathera pa funso loti, "Kodi awadyetsa chiyani?"

Sanawadyetse kanthu, achemwali. Ndipo funso lanulo landipweteka pang'ono, chifukwa ndi lomwelo limene ana asukulu amandifunsa ine, kungoti iwo amafunsa ndi maso.

Ine ndimaphunzitsa bayoloje ku sekondale. Chaka chilichonse ndikafika ndi ana a Fomu 4 pa mutu wa kusintha kwa zamoyo, ndimaima kutsogolo n'kuwauza za Charles Darwin, za mafupa akalekale ofukulidwa pansi, za zamoyo zimene zakhala zikusintha kwa zaka mamiliyoni. Ndimaphunzitsa ndi mtima wonse chifukwa umboni wake ndimaudziwa. Lamlungu ana omwewo amandipeza kutchalitchi nditavala jekete, ndikuwerenga Genesis pamaso pa mpingo. Mtsikana wina wolimba mtima anandiimitsa tsiku lina pakhonde la kalasi n'kundifunsa kuti, "Sala, ndiye Adamu anali nyani kapena?" Anzake anafa nacho chiseko. Ndinamuyankha kuti Genesis amanena za chifukwa chimene tilili pano, bayoloje imanena za njira imene tinadzera. Yankho labwino ndithu, ndipo ndimalikhulupirira. Koma ndikudziwanso pamene ndinalitola. Ndinalipeza chifukwa ndinkalifuna, nditabwerako ku koleji mutu utadzaza mafunso, ndikuopa kutaya chinthu chimene malemu bambo anga anandisiyira.

Bambowo anali mkulu wa mpingo kumudzi kwathu, munthu wowerenga kwambiri ngakhale sukulu analekezera panjira. Patchuthi china ndinawapanikiza ndi mafunso a chingalawa cha Nowa: nanga njovu zinkadya chiyani, nanga madzi omiza phiri la Mulanje anaphwera kuti? Anandimvetsera mpaka ndinatopa ndekha. Kenako anangoti, "Mwana wanga, tsiku limene tinaika mlongo wako m'manda, amene anandiimika ndi miyendo iwiri sanali Nowa." Anatenga khasu n'kulowera kudimba. Nkhani ya njovu sanaiyankhe, ndipo sindikhulupirira kuti inawasowetsapo tulo. Chikhulupiriro chawo chinali chitatsamira pa zina, ine ndinkagwedeza mzati umene sunanyamule denga.

Ndiye tisanaseke a Mormon, tiyang'ane kaye m'nyumba mwathu. Ndikudziwa anthu a mastazi amene ali ndi kabotolo ka madzi odzozedwa m'galimoto. Ena amaphunzitsa sayansi masana, usiku akukhoma chithumwa pakhomo kuopa ndege za ufiti. Ambirife timavomereza popanda kuphethira kuti bulu wa Balamu analankhula ndiponso kuti Yona anakhala masiku atatu m'mimba mwa chinsomba. Anyani amasekana zikundu.

Komabe sindikunamizani kuti nkhani zonse n'zofanana. Chimene chimavuta ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a m'Masiku Otsiriza, poti ndilo dzina limene eniake amafuna, n'chakuti ndi wadzulodzuloli. Joseph Smith, mnyamata wa mapale agolide uja, anauyambitsa mu 1830 m'chigawo cha New York, nthawi ya manyuzipepala, makhoti ndi makalata. Za Mose palibe angakafufuze ku ofesi ya boma, koma za Smith mapepala alipo mulu. Mu 1835 iye anagula mipukutu ya gumbwa yochokera ku Egypt n'kunena kuti muli zolemba za Abrahamu, ndipo anazimasulira. Zidutswa za mipukutuyo zinadzapezeka m'nyumba yosungira zakale ya Metropolitan ku New York, n'kubwezedwa ku mpingo mu 1967. Akatswiri odziwa kuwerenga zilembo za Aigupto ataziona anati ndi malemba wamba a maliro, oika pamodzi ndi mtembo, ndipo dzina la Abrahamu mulibemo. Buku la Mormon, limene Smith anati analimasulira kuchokera pa mapale aja, limakamba za akavalo ndi zitsulo ku America wakale, pomwe ofukula zakale sanazipeze m'nyengo imeneyo. Limati Aisraeli ena anawoloka nyanja kukakhala kumeneko, koma DNA ya eni nthaka a ku America imaloza ku Asia. Za mitala ndiye musanene: mpingo womwewo unavomera mu 2014 kuti Smith anali ndi akazi pakati pa 30 ndi 40, mmodzi wa iwo wa zaka 14.

Musaganize kuti ophunzira a mumpingomo sazidziwa zimenezi. Zambiri zili pa webusaiti yawo yomwe, ndipo mu 2015 anatulutsa okha chithunzi cha mwala umene Smith ankauika m'chipewa pomasulira Buku la Mormon. Henry Eyring, katswiri wa kemisitiri amene anaphunzitsa ku yunivesite ya Princeton ndipo dzina lake lili m'mabuku a sayansi mpaka lero, anali wa Mormon moyo wake wonse, akuvomerezanso kuti dziko lapansi ndi lakale zedi. Russell M. Nelson, amene anakhala mtsogoleri wa mpingowu mu 2018, anali dokotala wong'amba mtima. Anthu otere simungawanene kuti mitu yawo sigwira.

Apa ndiye pamene ndimasiyana ndi anzanga ambiri. Iwo amaganiza kuti nzeru zimatsuka chikhulupiriro, kuti munthu akamawerenga kwambiri zachilendozi zimayoyoka zokha. Ine ndaona zosiyana. Nzeru zimagwira ntchito imene mwini wake wazituma. Munthu wosaphunzira mukamupanikiza ndi nkhani ya gumbwa ija amangokhala chete kapena kupsa mtima. Wophunzira amakupezerani njira zitatu zotulukira. Adzakuuzani kuti mwina mpukutu weniweni wa Abrahamu unatayika, poti zidutswa zotsalazo n'zochepa. Kapena kuti gumbwayo inangokhala chodzutsira vumbulutso, mawuwo anachokera kwa Mulungu osati pa zilembozo. Za DNA adzati Aisraeliwo anali kagulu kochepa kamene magazi ake anasungunuka pakati pa mitundu yambiri, ndipo n'zoona kuti mawu oyamba a Buku la Mormon anasinthidwa kuti agwirizane ndi maganizo amenewa. Mayankho amenewa ine sandikhutiritsa. Koma ndimawazindikira, chifukwa anapangidwa m'fakitale yomweyo imene munatuluka yankho langa la Adamu ndi nyani.

Chinanso, iwo sayambira pa umboni wa zofukulidwa. Amishonale awo, anyamata aja a malaya oyera ndi tibaji takuda pachifuwa, amene timawaona akuyenda awiriawiri ku Lilongwe ndi ku Blantyre, anafikapo kwanga. Tiyi anakana, poti chiphunzitso chawo chimaletsa tiyi, khofi, mowa ndi fodya, ndiye tinamwa madzi. Sanandinyengerere ndi mbiri. Ananditsegulira chaputala chomaliza cha buku lawo, Moroni 10, pamene pali lonjezo lakuti ukawerenga n'kufunsa Mulungu ndi mtima woona, Mzimu Woyera adzakuuza kuti n'zoona. Munthu amene anagwada, n'kumva kutentha mumtima, n'kulira, ameneyo amati ali ndi umboni wakewake umene unabwera mbiri isanabwere. Kwa iye amaona ngati wayesa yekha n'kupeza zotsatira. Vuto langa ndi njirayi n'lakuti Msilamu, Mkatolika ndi wa Pentekosite onse amamva kutentha komweko, aliyense pa buku lake. Ndinawauza anyamatawo zimenezi. Mmodzi anamwetulira n'kunena kuti ndipempherenso.

Mafunso otsala amawaika pa shelefu, ndipo mawuwa ndi awo omwe. Camilla Kimball, mlongo wake wa Eyring uja, ankanena kuti zimene sakuzimvetsa amaziika pa shelefu n'kumazitsitsa nthawi ndi nthawi kuona ngati zayamba kumveka. Amene anatuluka mumpingomo amati shelefu yawo inathyoka. Ndipo kuthyoka kwake n'kodula. Chiphunzitso chawo chimati banja lomangidwa m'kachisi limakhala limodzi mpaka muyaya, ndiye wokayika sakungotaya mfundo chabe, akuuza mkazi wake ndi amayi ake kuti kumwamba sadzakhala nawo. Onjezani zaka ziwiri za umishonale, chakhumi cha malipiro chaka ndi chaka, anzako onse, ndi anthu amene amabweradi ndi chakudya ukadwala. Mutu umene ukuwerengera zonsezi sungaone nkhani ya akavalo mofanana ndi mmene mukuionera inu muli panja.

Pamene ine pandikanika

Pali chimodzi chimene sindingachiike pa shelefu iliyonse, ndipo ndikamachiganizira ndimasiya kulankhula mofatsa. Kuyambira nthawi ya Brigham Young, amene analowa m'malo mwa Smith, mu 1852, mpaka June 1978, munthu wakuda wochokera ku Africa sankaloledwa unsembe, ndipo amuna ndi akazi akuda sankaloledwa miyambo ya m'kachisi, ija yomanga banja mpaka muyaya. Atsogoleri ankaphunzitsa kuti khungu lathuli ndi temberero la Kaini, ena n'kumati tinali ofooka tisanabadwe. Chonsecho m'masiku a Smith mwiniwake munthu wakuda, Elijah Abel, anapatsidwa unsembe. Ku Ghana, Billy Johnson anasonkhanitsa mipingo m'dzina lawo kuyambira 1964, akulemba makalata ku likulu la mpingowo ku Salt Lake City kupempha amishonale, n'kudikira zaka 14 asanabatizidwe. Chiletsocho chinachotsedwa ndi Spencer W. Kimball, mtsogoleri wa mpingo nthawi imeneyo, mwamuna wa Camilla uja, pamene kachisi wa ku São Paulo ankatha kumangidwa ku Brazil, dziko limene kusiyanitsa wakuda ndi woyera n'kovuta. Mu 2013 mpingo unalemba kuti ukukana ziphunzitso zonse zija za temberero. Chabwino. Koma ngati aneneri amoyo, amene ntchito yawo ndi kumva kwa Mulungu, anaphonya pa nkhani yaikulu chonchi kwa zaka 126, ine ndiwakhulupirire pa chiyani china? Oteteza amati aneneri ndi anthu, amalakwa ngati Petro. Yankho limeneli n'lopepuka kwa mzungu wa ku Utah, kumene kuli likulu lawo. Kwa Mmalawi amene agogo ake akanaimitsidwa pakhomo la kachisi, liyenera kulemera. Ndikudziwa kuti mipingo yathu inanso ili ndi mbiri yonunkha, ina inadalitsa tsankho ku South Africa komwe muliko. Koma yambiri mwa iyo sinena kuti ili ndi mneneri mmodzi wolankhulira Mulungu padziko lonse.

Ndiye muchite chiyani, achemwali? Musawatumizire mavidiyo pa WhatsApp, angokutsekani. Afunseni chimene anapeza kumeneko chimene kwathu kunalibe, ndipo mumvetsere mpaka amalize, mwina mumva za kusungulumwa kwa ku Joni kumene sanakuuzenipo. Tsiku lina mtima uli m'malo, afunseni ngati anawerenga zimene mpingo wawo womwe unalemba pa nkhani ya anthu akuda ndi unsembe, ndi ya buku la Abrahamu. Akati anawerenga ndipo akhalabe, asiyeni, ndi munthu wamkulu. Pa Khirisimasi muwaitane monga kale, muwagulire Fanta.