Pampu ya atate

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa ku Petauke. Akuti analemba buku la nkhani yopeka, ndipo m'menemo anapha anthu atatu, mayi ndi ana ake awiri. Mlongo wake atawerenga anangoyasamula n'kupita kukaona ndiwo pamoto. Funso la mphunzitsiyo ndi lakuti, kodi nkhani imagwira mtima wa munthu ikatani?

Aphunzitsi, ndinaseka, kenako ndinangoti zii, chifukwa ine ndinapha asanu. Buku langa loyamba, limene chiswe chinandichitira chifundo n'kulidya, linali ndi ngozi ya basi pa mlatho wa Luangwa, maliro awiri ndi mfiti. Palibe anagwetsa msozi.

Ndikuuzeni za 1992. Amene munalipo mukukumbukira chilala chija ndi nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. Atate anali ndi njinga yakuda imene ankaipukuta Loweruka lililonse madzulo, sipoko imodziimodzi, ife ana osaloledwa ngakhale kugwira belu. Tsiku lina anapita ku Chipata mbandakucha ndipo anabwera dzuwa litalowa, wapansi, thumba la ufa paphewa, pampu m'manja. Anati njinga yatsala kwa okonza. Amayi anangoti "Chabwino," n'kukawaikira madzi osamba. Pampuyo inapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko mpaka atate anamwalira, ndipo panyumba palibe anafunsapo kuti okonzawo adzamaliza liti. Nthawi zina ndinkawapeza akuipukuta.

Nkhani imeneyi ndikaifotokoza, anthu amayang'ana pansi. Mulibe maliro, mulibe magazi. Muli mwamuna amene akufuna kusunga ulemu wake pamaso pa ana, ndi mkazi amene akudziwa zonse koma wasankha kumuthandiza bodzalo. Womvetsera amadzitulukira yekha chimene chinachitika kutauni, ndipo chimene munthu wadzipezera yekha chimamupweteka kuposa chimene wauzidwa.

Ndinene mosabisa, ngakhale ena mukwiye: kupha anthu m'buku ndi ulesi. Tikasowa chochita ndi munthu wathu timamugunditsa galimoto pa Great East Road. Choipa china n'chakuti ambirife timalemba ngati tili paguwa. Mtsikana akavala zothina patsamba 3, tonse tikudziwa kuti pofika tsamba 40 adzakhala ali m'chipatala akulapa. Nanga ndiwerengerenji? Ulaliki ndiumva Lamlungu.

Ambuye anga aakazi ku Katete ankadziwa bwino zimenezi kuposa ife ophunzira. Akati "Padangokhala," ife "Tili tonse," ndipo mawu athu akayamba kufooka ankadziwa kuti nthano yazizira. Pompo kalulu ankachita chinthu chopusa, kapena ambuye ankayambitsa nyimbo. Wolemba buku alibe omuyankha, ndiye amangoguba yekha osadziwa kuti anzake anatsala kale panjira. Monga ambuye anga, Julius Chongo nayenso ankadziwa zimenezi pa pulogalamu yake ya nthano ya Poceza m'Madzulo, pa Radio Zambia. Achikulire amasimbabe mmene ankasinthira mawu, nkhalamba mawu ake, mwana mawu ake, anthu ataunjikana pa wailesi imodzi. Ankayamba wakuseketsani, ndipo chisoni chinkakupezani pakamwa pali potsegula. Munthu amene sunasekepo naye sungamulire. Ngakhale pamaliro enieni, Abemba ndi Angoni akamapakana phulusa lachimbuya, chibale chawo chanthabwala, oferedwa amaseka misozi ili m'masaya.

(Ndipo chonde, anthu anu azilankhula monga amalankhulira pamsika wa Kapata. Wogulitsa tomato salankhula Chinyanja cha m'buku la mayeso.)

Tsono mutani?

Dzutsani ana awiriwo, sanalakwe. Mayiyo mupatseni chinthu chimodzi chimene akuchifunitsitsa ndi china chimene akuchita nacho manyazi, ndipo asatchule chilichonse mwa ziwirizi. Paliponse pamene munalemba kuti "anamva chisoni chachikulu," fufutani, muonetse chimene manja ake ankachita. Mukatero muwerengereni mlongo wanuyo mokweza, ndipo pamene ayambe kuyang'ana foni muikepo chizindikiro ndi pensulo.

Pampu ija ili ndi mng'ono wanga ku Lundazi. Ndinaipempha kawiri, akukana.