Kodi miphika yamakono ya maluwa ndi yongoonera basi?

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Akuti atangolowa m'nyumba yatsopano anagula miphika iwiri ya maluwa m'sitolo ya zokongoletsera m'nyumba, yoyera mbee, yonyezimira, yokhala pa timiyendo tamatabwa ngati ija timaiona pa Instagram. Anabzalamo peace lily ndi snake plant. Pano masamba achita chikasu ndipo dothi likununkha. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi miphika yodulayi ndi yongoonera basi? Ndibwerere ku miphika yadothi ya m'mbali mwa msewu?"

Mayi, poyamba tembenuzani mphikawo muone kunsi kwake. Ndikukhulupirira kuti mupeza kulibe chibowo. Ngati zili choncho, ndalama zanu sizinapite pachabe, kungoti wogulitsa sanakuuzeni ntchito yeniyeni ya chinthu chimene munagulacho. Miphika yambiri yamakonoyi anaipanga kuti ikhale chovala chabe. Duwa limakhala mu kamphika kena kapulasitiki kapena kadothi kokhala ndi zibowo, ndipo kamphikako ndi kamene mumakalowetsa mu wokongolayo. Tsiku lothirira mumakatulutsa, kukathirira pakhonde kapena pa sinki, kudikira madzi adonthe mpaka atha, n'kukabwezera. Mukabzala mwachindunji, madzi onse otsala amakadikha pansi. Mizu imafuna mpweya, ndipo ikakhala m'matope masiku angapo imayamba kuwola. Fungo mukulimvalo ndi la mizu yowola. Snake plant ndiye amavutika msanga, chifukwa amasunga madzi m'masamba ake ndipo amafuna dothi liume kaye lisanathiriridwenso.

Alipo amene adzakuuzeni kuti muike miyala pansi pa mphika wopanda chibowo. Musawamvere. Madzi sadutsa msanga kuchoka m'dothi kupita m'miyala mpaka dothilo litakhutiratu, choncho miyala imangokweza chinyontho kufupi ndi mizu. Ndiponso madzi akafika pa miyalapo alibe kolowera.

Tsono za funso lanu lachiwiri, ndipo apa ndikufuna ndikhalitsepo. Kusiyana kwa mphika ndi mphika kumachokera pa dongo lake ndi moto umene anauwotchera, mtengo ndi maonekedwe zimabwera pambuyo. Mbiya za kumudzi, zowotchedwa pa nkhuni poyera, zimapsa pa moto wocheperapo, nthawi zambiri osafika madigiri 1,000. Miphika yofiirira ya terracotta imawotchedwa mu uvuni pa madigiri 1,000 mpaka 1,150 kapena chapamenepo. Yonseyi imatsala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi amatuluka pang'onopang'ono kudzera m'mbali mwake. N'chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira ngakhale mu Okutobala, ndipo mizu ya duwa imapindula chimodzimodzi: dothi limauma msanga, mizu imakhala pozizira. Kwa munthu wa dzanja lolemera pothirira, mphika wadothi wosapakidwa kanthu umakhululuka zambiri. Kuipa kwake n'kwakuti nthawi yotentha mumathirira pafupipafupi, umasweka msanga, ndipo ngati madzi anu ndi a pamjigo amchere pang'ono, kunja kwake kumachita zoyerayera. Zimenezo si matenda, zimachoka ndi bulashi ndi viniga wosungunula m'madzi.

Miphika ya dongo lolimba la stoneware ndi porcelain imawotchedwa pa madigiri 1,200 kupita m'tsogolo, mpaka dongo limagwirana ngati galasi. Pamwamba pake amapakanso glaze, chonyezimira chija. Mphika wotere sutulutsa madzi m'mbali ngakhale pang'ono, ndi wolimba, susiya chinyontho pa tebulo, ndipo umayenera maluwa okonda chinyezi monga peace lily wanuyo, bola pansi pakhale chibowo. Pogula, ugogodeni ndi chala. Wopsa bwino umalira kuti ngwee, wosapsa kapena wa mng'alu umangoti phu. Dziwaninso kuti ina imene imaoneka ngati yadongo m'masitolomu ndi yasimenti kapena ya fibreglass yopaka utoto. Yasimenti ndi yabwino pakhonde pamene pamaomba mphepo chifukwa sigwa wamba, koma ganizirani za tsiku losamuka ngati nyumba ndi ya lendi.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri tikamva za miphika yamakono timaganiza za katundu wobwera pa kontena. Chonsecho ku Dedza kuli Dedza Pottery, imene yakhala ikuumba kuyambira 1987, ndipo mbale, makapu, matailosi ndi miphika yake yojambulidwa pamanja zimadziwika mpaka kunja. Ngati muli pa ulendo wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, patukani mukaone nokha. Ku South Africa kuli kampani youmba ziwiya ya Ardmore, imene Fée Halsted anaiyambitsa mu 1985 ku KwaZulu-Natal, ndipo ziwiya zake za akambuku, mbidzi ndi anyani zimagulidwa ndi osunga zaluso m'mayiko ambiri. Magdalene Odundo, wobadwira ku Kenya mu 1950 amene amakhala ku Britain, amaumba ndi manja popanda gudumu loumbira, sapaka glaze, amangokulungiza mpaka mphika uwale, ndipo ntchito zake zili m'nyumba zosungiramo zaluso zikuluzikulu. Njira yakeyo siyosiyana kwenikweni ndi imene agogo athu ankaumbira mitsuko. Ine ndikaona mtsuko wakuda wokulungizidwa bwino uli pakona ya pabalaza ya matailosi oyera, muli nthambi zouma ziwiri zitatu, sindiona chimene vazi yochokera kunja ingauposere. Mukapeza mayi woumba mbiya, mupempheni akuumbireni wa msinkhu umene mukufuna ndipo aboole pansi dongo likadali lofewa. Mtengo akakuuzani musanenerere kwambiri, ntchito ija ndi yowawa.

Pa kakonzedwe ka m'nyumba sindinena zambiri. Mphika umodzi waukulu umaoneka bwino kuposa tating'ono khumi tomwazikana. Duwa la masamba a mawangamawanga liikeni mu mphika wa mtundu umodzi, ndipo mphika wojambulidwa kwambiri upatseni duwa lobiriwira chabe, kapena ungokhala wopanda kanthu pa shelefu.

Pali zinthu ziwiri zokhudza thanzi zimene sindingazisiye. Mbale ndi mabakuli zokongoletsera, makamaka zamitundu yowala zimene simukudziwa kumene zinapangidwa, musaikemo chakudya. Glaze wina amakhala ndi mtovu wa lead, ndipo zowawasa monga mandimu ndi tomato zimautulutsa. Kwa ana ndi woopsa kwambiri. Chachiwiri, madzi otsala m'kambale ka pansi pa mphika kapena m'kati mwa mphika wopanda chibowo muzitaya mukangothirira, chifukwa udzudzu umaswana m'madzi odikha ngakhale ochepa.

Miphika yanu iwiriyo isungeni. Mukafuna kuiboola, pezani mmisiri wa matailosi amene ali ndi nsonga ya diamond pa drill yake, aboole pang'onopang'ono akuthira madzi, koma dziwani kuti ikhoza kung'aluka. Ine ndingasankhe njira ya kamphika ka m'kati. Lero lomwe zulani maluwawo, tsukani mizu, dulani yonse yakuda ndi yofewa ndi mpeni woyera. Peace lily mubzale m'dothi latsopano losakaniza ndi manyowa owolerana ndi mchenga wa kumtsinje, mu kamphika kongokulirapo pang'ono kuposa mizu yake. Snake plant ngati tsinde lake lawola, dulani masamba abwino m'zidutswa za masentimita 10, zisiyeni pamthunzi masiku awiri kapena atatu kuti podulapo paume, kenako muzibzale m'dothi lamchenga mbali yakumunsi ili pansi. Zimachedwa, mizu imatha kutenga mwezi kapena iwiri, choncho musamazizule kuti muone ngati zagwira.