Kodi Makanema Ofala pa Intaneti Amagulitsadi Galimoto?

Funso: Akonzi, ndimaona makanema otsatsa galimoto akufalikira pa Facebook ndi pa YouTube, koma ambiri satchula mtengo, mphamvu ya injini kapena kuchuluka kwa mafuta amene galimotoyo imamwa. Kodi makampani amapindula chiyani polowetsa ndalama zambiri pa makanema oterewa? *Wowerenga wathu*

Yankho: Munthu sagula galimoto mwezi ndi mwezi monga agulira sopo. Makampani amadziwa kuti ambiri mwa owonera sakufuna kugula lero, choncho cholinga chawo n'choti dzina la galimotoyo likhazikike m'mutu kufikira tsiku limene munthuyo adzapeze ndalama. Komanso kanema amene anthu akutumizirana okha amafika kutali popanda kampani kulipira wailesi yakanema, ndipo chimene wakutumizira mnzako umachionera mpaka kumapeto.

Njirayi si yachilendo. Mu 2001, YouTube isanayambe n'komwe, kampani ya BMW inayamba kutulutsa pa intaneti mafilimu afupiafupi otchedwa The Hire, momwe Clive Owen ankasewera ngati dalaivala waganyu. Koma kanema amene ine ndimamuona kuti anapangidwa mwanzeru kwambiri ndi wa Volvo Trucks wa mu 2013, momwe Jean-Claude Van Damme anaponda phazi limodzi pa galasi loonera kumbuyo la lole ina, phazi linalo pa la lole inzake, ndipo malolewo akuyenda chobwerera m'mbuyo anayamba kutalikirana mpaka miyendo yake inatambasuka. Anthu ankatumizirana kanemayu chifukwa chodabwa, komabe chimene ankaona chinali umboni weniweni wa chiwongolero chatsopano chimene kampaniyo inkagulitsa, pakuti malolewo akanangokhota pang'ono, munthuyo akanagwa.

Njira ina ndi yolumikiza galimoto ndi chinthu chimene anthu amachikonda kale. Aston Martin DB5 inaoneka mufilimu ya James Bond mu 1964, ndipo mpaka pano ambiri akamva dzinali amaganiza za kazitape wovala suti. Toyota Hilux nayo inawonjezera mbiri yake ya kulimba mu 2003, pamene pulogalamu ya Top Gear ya BBC inaimiza m'nyanja, kuiyatsa moto ndiponso kuiika pamwamba pa nyumba yosanja imene inagwetsedwa ndi mabomba, koma injini yake n'kulirabe atangoikonza pang'ono. Wogula galimoto yotere amagulanso mbiriyo, ndipo kawirikawiri amailipira pa mtengo.

Funso lanu likutifikitsanso pa mfundo yoti kutchuka pakokha sikutsimikizira kanthu. Galimoto ya DeLorean imadziwika padziko lonse chifukwa choti inaoneka mufilimu ya mu 1985 yotchedwa Back to the Future, pomwe kampani yake inali itagwa kale mu 1982. Ndipo si zonse zooneka m'makanema zimene zili zoona. Mu 2014, bungwe la boma la United States loteteza ogula, lotchedwa Federal Trade Commission, linadzudzula kampani ya Nissan chifukwa cha kanema woonetsa galimoto ya Frontier ikukankha galimoto ina pokwera chitunda cha mchenga. Kanemayu anajambulidwa ngati kuti munthu wamba wangokumana nazo n'kujambula pa foni, pamene zoona zake zinali zoti galimoto zonse ziwiri zinkakokedwa ndi zingwe, ndipo chitundacho anachionetsa chotsetsereka kuposa mmene chinalili.